Duwa la nsalu kuchokera ku zotsala za telala

Zidutswa za chitenje zimene telala amasesa madzulo zimatha kusanduka duwa la pachipewa, pachikwama kapena la patebulo. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi luso limeneli likutikhudza, chifukwa si sukulu zonse zimene tidzapeze zili ndi ndalama zogulira zipangizo zophunzitsira ntchito zamanja.

Zofunika ndi zidutswa za nsalu, sizasi, singano, ulusi wolimba, choko, kapu, batani ndi phini.

Choyamba, tivundikire kapu pansalu, tijambule mozungulira ndi choko, n'kudula zozungulira zisanu. Chachiwiri, tipinde chimodzi pakati kuti chioneke ngati theka la mwezi, mbali yokongola ili kunja. Chachitatu, tisoke motsatira m'mphepete mokhotamo, kenako tikoke ulusi kuti nsalu ikwinyike. Apo tsamba limodzi latheka. Tisadule ulusi: zinayi zotsalazo zilowe pa ulusi womwewo, ndipo tsamba lomaliza tililumikize ndi loyamba n'kumanga mfundo. Batani litseke bowo lapakati, pomwe kumbuyo tisokerere kansalu kolimba kogwira phini.

Tisamale ndi moto. Nsalu ya poliyesitala ikayandikira kandulo imasungunuka m'mphepete n'kupindika, motero ulusi wake suthothoka. Koma thonje silisungunuka, limayaka. M'kalasi kandulo agwire ndi mphunzitsi yekha.

Duwa loyamba limakonda kutuluka lopendekeka, makamaka ngati zozungulira sizinafanane kukula. Tisalitaye. Tidzalionetse kwa ana, adziwe kuti aphunzitsi awonso anayambira pomwepo.