Azakhali: Kanyula si wotchi yapamkono

Azakhali,

Amuna anga adabwera kuchokera ku Joni atasiya ma ARV, ndipo adagonekedwa m'chipatala. Atangopezako bwino adathawa usiku kanyula ya diripi ili pamkono, ati idzagwira ntchito akadzadwalanso. Pano mkono watupa, thupi likutentha, akunjenjemera. Apongozi akuti ndi malungo, ena akuti awalodza. Nditani?

Wodandaula, Jenda

Mwana wanga,

Anzawo akamachoka ku Joni amabwera ndi malata ndi njinga zamoto, ako chuma chawo ndi kapulasitiki ka diripi? Auze kuti kanyula si wotchi yoti azitchena nayo pamsika wa Jenda.

Kanthu kameneko kadaboola khungu n'kulowa mumtsempha. Pakhungu pathu pamakhala tizilombo monga Staphylococcus aureus, tomwe sitivuta tikakhala kunja, koma tikapeza kapaipi timamatirira, n'kuswana, n'kulowa m'magazi. N'chifukwa chake kanyulayo anamwino amaiyang'ana tsiku lililonse n'kuichotsa ntchito ikangotha. Munthu wa chitetezo chokwanira nthawi zina amapulumuka. Koma wosiya ma ARV, CD4 itatsika pansi pa 200, kapena wodwala shuga kapena khansa, amagwetsedwa ngakhale ndi tizilombo ta m'dothi ndi m'madzi tomwe iwe ndi ine sititimva n'komwe. Ndiye taganiza, amuna akowo akusamba nayo, mwina akulowa nayo m'khola la ng'ombe!

Za ufiti zisiye, mfitiyo ili pamkonopo. Malungo nawo sadziwika ndi maso a apongozi, amayeza magazi. Usagule LA kapena makapusozi kugolosale, usathirepo phulusa kapena zitsamba, ndipo kanyulayo usaizule wekha.

Peza galimoto lero lomwe, osati mawa, upite nawo ku Embangweni kapena kuchipatala cha boma ku Mzimba. Ukanene zonse: tsiku lomwe kanyula idalowa, za kuthawako, ndi za ma ARV. Manyazi uwasiye kunyumba. Akaichotsa, akayeza magazi n'kuyamba jakisoni, ndipo zikavuta akawatumiza ku Mzuzu Central. Akayamba kubwebweta, kupuma mwabefu kapena kukodza pang'ono, udziwe kuti matenda afika poopsa, usadikire kuti kuche.

Apongoziwo uwatenge akakhale gadiyani. Azikagona pafupi ndi chitseko, mwana wawo asathawenso.

Azakhali