Phunziro: Kukulitsa Njira ya Galimoto Pakhomo Popanda Kuitana Madzi

Chilimwe chikafika, mabanja ambiri m'makomboni a Lusaka amayamba kulambula bwalo kuti galimoto kapena kathiraki ka malonda kazilowa bwino pachipata. Ntchitoyi tingaigwire tokha ndi khasu, piki, fosholo ndi wilibala. Koma tisanakhome chikhomo choyamba, tiyenera kudziwa kumene madzi a mvula adzapite tikasintha nkhope ya bwalo lathu.

Tiwerengere limodzi. Njira ya mamita 3 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali ili ndi masikweya mita 30. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa pamalo otere atatsekedwa ndi konkire, pamayenderera madzi okwana malita 1,500, ndiko kuti madiramu asanu ndi awiri. Kale ena a madziwo ankalowa m'nthaka. Tsopano onse adzafuna kolowera, ndipo kawirikawiri amapeza khomo la mnansi kapena dzenje la chimbudzi.

Ku Kanyama nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Pansi pa dothi lochepa pali thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu, dera ndi lathyathyathya, ndipo m'dzinja madzi a pansi amakwera mpaka kufika pamwamba. Madzi odzaza zimbudzi amatsikira m'ming'alu imeneyi nkufika m'zitsime zosaya. Tonse tikukumbukira kolera imene inabuka mu Okutobala 2017 ndi kusautsa kwambiri Kanyama, komanso imene inayamba mu Okutobala 2023, pamene bwalo la masewera la National Heroes linasanduka chipatala. Chifukwa chake ife sitilimbikitsa kuthira konkire bwalo lonse, ngakhale kuti ambiri amaiona ngati chizindikiro cha chitukuko. Miyala yophwanyaphwanya, monga imene amayi amagulitsa m'mbali mwa misewu ku Kalingalinga, imanyamula galimoto bwinobwino ndipo imalola madzi kulowa pansi.

Poyamba tifunse mwini nyumba kapena anansi okhalitsa kumene kunadutsa mapaipi a madzi ndi nthambo za magetsi, pakuti piki siona. Tiyang'anenso malire a poloti. Ngalande ya kunja kwa mpanda si yathu. Tikafuna kuiwoloka, tiikepo kalavati kapena silabu, osaikwirira.

Tikamanga chingwe pa zikhomo, tichotse udzu ndi zitsa pamodzi ndi mizu yake yonse. Muzu wotsala umaola kapena kudyedwa ndi chiswe, ndipo pakapita chaka pamalopo pamatitimira. Kenaka tikumbe masentimita 15 mpaka 20, kufikira dothi lolimba. Pa njira ya muyeso tatchula uja, dothi lotuluka limaposa mawilibala 70, choncho tikonzeretu pokaliika. Dothi lakuda la pamwamba tiliunjike palokha. Zimatiwawa mtima kuona anthu akulitaya pamsewu, pamene ndilo chakudya cha mbewu. Tikalisakaniza ndi manyowa, limakwana mabedi okwezeka a repu, anyezi ndi tomato, amene sangamire ngakhale bwalo litanyowa.

Tikakumana ndi thanthwe, tisalimbane nalo. Ndi maziko abwino kale. Tingosalaza nsonga zake ndi hamala, nkudzaza mipata ndi miyala.

Kutsetsereka kwa njira ndiko kumafuna chidwi chenicheni. Pa mita iliyonse, njira itsike masentimita 2, kuchoka kunyumba ndi kuchimbudzi, kulowera kudimba kapena kungalande. Diso limanama. Titenge paipi yoonekera mkati, tiidzaze madzi, anthu awiri agwire mbali ziwirizo: pamene madzi aima mbali iyi ndi mbali iyo ndi pofanana, ndipo kuchokera pamenepo tiyeza kutsika ndi tepi.

Podzaza, tithire dothi lofiira la miyala masentimita 10 nthawi imodzi, tiwaze madzi pang'ono, titsindire ndi chipika cholemera, ndipo tibwerezenso. Likafinyidwa m'dzanja ligwirane koma lisadonthe. Miyala yophwanya ibwere pamwamba, ndipo m'mbali tiike njerwa kapena mabuloko kuti isabalalike. Ntchito yonse ithe Novembala asanafike. Mvula yoyamba ikagwa, tituluke ndi ambulera tikaone kumene madzi akulowera, ndipo pamene aima tiikepo chizindikiro kuti tidzadzaze kukacha.