Muvi wa Geji Ukanama pa Msewu wa ku Tsangano

Mnyamata wina wa kabaza pa siteji ya Tsangano Turn-off adalandira foni madzulo ena m'mwezi wa Julaye, nyengo imene mphepo ya m'mapiri a Kirk Range imalowa mpaka m'mafupa. Kumudzi wina kupitirira Kambilonjo kunali mwana yemwe adatentha thupi kuyambira m'mawa, ndipo amake ankafuna kuthamangira naye kuchipatala cha pa boma. Mnyamatayo adaponya diso pa geji ya mafuta. Muvi unali pakati. Adati akwana awa, n'kuliza njinga.

Pobwerera, mayi ali kumbuyo ndi mwana kumsana, injini idayamba kutsamwa pachitunda, kenaka zii. Adagwada kuti atembenuzire kampopi ka mafuta ku lizevu, koma adapeza kali kale pa RES, pomwe adakasiya sabata zapitazo. Adagwedeza njinga, m'thanki osamveka kanthu. Muvi uli pakati pomwe paja.

"Achimwene, nanga titani kutchire kuno?"

"Pepani mayi, mafuta atha. Geji yandinamiza."

Adakankha njinga mumdima, mayi akutsatira pambuyo, mpaka adakadzutsa venda wina wogulitsa petulo wa m'mabotolo. Kuchipatala adafika pakati pa usiku. Mwanayo adachira, koma malungo a mwana sadikira munthu amene akukankha njinga, ndipo aliyense wa kuno akudziwa kuti maulendo ena otere sathera pabwino.

Mawu akuti "geji yandinamiza" ine sindiwalandira onse. Geji siyamba kunama tsiku limodzi, imayamba yachenjeza, koma mwini wake amanyalanyaza chifukwa njinga ikuyendabe ndipo makasitomala akudikira.

M'kati mwa thanki muli kachinthu koyandama komwe amakaniko amati fuloti, kolumikizidwa ku kamkono ka waya. Kamakwera ndi kutsika pamodzi ndi mafuta, monga chikho choyandama mumtsuko wa madzi. Kamkonoko kamakhuza pa kachitsulo kamene kamachepetsa kapena kuonjezera mphamvu ya magetsi opita ku geji, ndipo muvi umangotsatira magetsiwo. Muvi suona mafuta ayi. Kamkono kakapindika kapena kugwidwa ndi dzimbiri, muvi umaima malo amodzi ngakhale thanki iume gwa. Fuloti ikabooka n'kumwa petulo imamira, muvi n'kumaloza pa E thanki ili yodzaza. Muvi ukamavinavina, kawirikawiri ndi waya wosagwira bwino pansi pa thanki kapena wa ethi amene wachita dzimbiri. Misewu yathu ya mabampu, ya ku Doviko kapena yotsikira ku Kandeu ndi Kasinje, imagwedeza zonsezi tsiku ndi tsiku, njinga itasenza matumba a kachewere ndi kabichi opita ku Lizulu.

Dzimbiri lija lili ndi gwero lake. Kuyambira 1982 petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Petulo wa papampu alibe vuto, koma akakhalitsa m'chigubu chosatseka bwino kapena m'botolo padzuwa, madzi amalowamo, n'kukakhazikika pansi pa thanki pomwe pali zitsulo za geji. M'zaka za 2022 ndi 2024, mafuta atasowa m'dziko muno, mizere itatalika ndipo bungwe la MERA likuletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo, akabaza ambiri a kumidzi adadalira mavenda. Sindikuwadzudzula, chifukwa malo omwetsera mafuta ali m'mbali mwa msewu wa M1 ndipo munthu wa ku Tsangano sangatsike mtunda wonsewo kukagula malita 2. Koma zinyalala ndi madzi a m'mabotolo aja zidatsalira m'mathanki ambiri mpaka lero.

Palinso kunama kwina komwe si kuwonongeka. Thanki ya njinga si yofanana pamwamba ndi pansi: ndi yotakata kumwamba, ndipo kunsi imagawikana pawiri pokhala pa chitsulo cha pakati. N'chifukwa chake muvi umakhalitsa pa F, kenaka ukangodutsa pakati umagwa mofulumira. Pachitunda kapena pamtsetse mafuta amapendekera mbali imodzi, fuloti n'kupereka uthenga wolakwika. Geji muziwerenga njinga itaima chilili pamalo athyathyathya, osati itatsamira pa sitandi.

Kupeza pamene pali vuto sikulira ndalama zambiri. Yambani ndi fyuzi ndi batire, chifukwa magetsi akafooka muvi nawo umafooka. Kenaka pezani mawaya otuluka pansi pa thanki, muwalumule polumikizira, mutsegule kiyi. Pa njinga zambiri za kabaza muvi umagwera pa E. Mukagunditsa mawaya awiri a mbali yopita ku geji, muvi umakwera pa F. Ukayenda choncho, geji ndi mawaya zili bwino, matenda ali m'thanki. Ukapanda kusuntha, fufuzani waya woduka, ethi, kapena geji yeniyeniyo. Makaniko amene ali ndi mita yoyezera magetsi akhoza kutulutsa fuloti n'kumakweza kamkono pang'onopang'ono. Manambala akamadumphadumpha, kachitsulo kaja kadyeka, ndipo kugula china n'kwabwino kuposa kukapala ndi sandipepa mwezi uliwonse.

Apa ndiye ndikupemphani, anyamata inu. Musasuzumire m'thanki ndi machesi kapena laita. Thanki yopanda mafuta ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa imadzala mpweya wa petulo umene umaphulika ndi kamoto kochepa. Musanamasule fuloti, chotsani waya wa batire, khuthulirani mafuta m'chigubu chotseka, ndipo mukhale patali ndi mbaula, ndudu ndi owotcherera zitsulo, amene pa misika yathu amakonda kukhala khomo loyandikana ndi amakaniko.

Koma chimene chidagwetsa mnyamata uja kwenikweni ndi kampopi. Pa njinga zambiri za kabureta kampopi kamakhala ndi ON, OFF ndi RES. Pa ON mafuta amalowera pa kapaipi kotalikirapo, kotero injini imatsamwa pansi pakadali mafuta ena. Pa RES amalowera pansi penipeni, mpaka dontho lomaliza. Woyenda pa RES masiku onse wadya kale mafuta omwe akanamufikitsa pa pampu, ndipo injini ikazima akupitirira thiraki pa M1, kapena usiku pamalo pomwe achifwamba amalanda njinga, palibenso chotembenuza.

Mukamwetsa mafuta, bwezerani kampopi pa ON musanachoke. Tsiku lina dzazani thanki, lembani makilomita a pa sipidomita, yendani mpaka injini itsamwe, muone pamene muvi waima ndi mtunda umene mwayenda. Ngati kebulo ya sipidomita idaduka, ikonzeni limodzi ndi geji. Ndipo inu okwera, makamaka mukanyamula wodwala usiku, musachite manyazi kumuuza wakabaza kuti atsegule chitsekero, aunike ndi tochi ya foni, muone mafutawo ndi maso anu musanakwere.