Gondolosi Akutha: Tiyeni Timudzale

Gondolosi ndi chomera choyanga m'mitengo ya m'nkhalango zachinyontho. Masamba ake ndi aakulu, ndipo tsinde lake mukalidula limatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Akatswiri a zomera amamutcha Mondia whitei. Mankhwala ali m'muzu, makamaka khungwa lake. Mukatafuna mumayamba kumva kuwawa, kenako kutsekemera ndi kafungo kochedwa kuchoka mkamwa. Kuyambira kale amapatsidwa kwa wodwala amene chakudya sichikumukomera ndi kwa wodzimbidwa. Za mphamvu za abambo m'banja aliyense amazimva kwa ogulitsa pamsika. Ofufuza ena anayesa muzuwu pa makoswe ndipo anaona kuti umasinthadi zina m'thupi.

Vuto lagona pa kakumbidwe. Wothyola masamba amasiya chomera chili moyo, koma wozula muzu wonse wachipha. Ena amati za kuthengo sizitha. Zimatha ndithu. Ku KwaZulu-Natal, m'dziko la South Africa, kumene amamutcha umondi, chomerachi chinasowa m'nkhalango zambiri chifukwa chokumbidwa mosaleka. Kwathu kuno mitengo ikupita ndi makala, ndiye gondolosi ayanga pati? Nchifukwa chake tiyenera kumudzala pakhomo. Zipatso zake zikauma zimang'ambika, njere zaubweya woyera nkuuluka ndi mphepo, choncho muzithyola zikangoyamba kung'aluka. Fesani pa nazale, ndipo mbande mukaziwokere patsinde pa mtengo. Pokumba dulani mizu ya m'mbali yokha, muzu waukulu muusiye, dzenje mulikwirire bwino. Ena amatsutsa kuti wodzalidwa alibe mphamvu ngati wa kuthengo. Chomera ndi chomwecho. Wa kuthengo amaposa pa zaka zimene wakhala m'nthaka, ndiye wanunso mumudikire akhwime. Alimi a ku Kakamega, m'dziko la Kenya, amamulima nkumagulitsa, ndipo kumeneko dzina lake ndi mukombero.

Koma abambo, tamverani. Mphamvu za m'banja zikamachepa, nthawi zina chimayambitsa ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Munthu akhoza kutha ndalama pa mizu matenda akukula mwakachetechete. Yambani mwakayezetsa kuchipatala, ndipo ngati mukumwa mapiritsi muwauze adokotala kuti mumatafuna gondolosi. Samalaninso ndi ufa wa m'timapepala ndi m'mabotolo osalembedwa, chifukwa muzu ukasinjidwa simungazindikire zimene asakanizamo. Mayi woyembekezera asamwe mankhwala a mizu asanafunse kusikelo.