Phunziro la mwezi uno: Tisanagule kamera, tiyambe taphunzira kuwala

Bismillahir Rahmanir Rahim. 

Ntchito yojambula zithunzi ilipo ndithu m'dera lathu lino. Olemba mayeso a MANEB amafuna zithunzi za ziphaso. Wopita ku Hajj kapena ku Joni amafuna cha pasipoti. Pali ma nikah, pali Eid ziwiri pachaka, palinso amalonda a pa Nathenje ndi pa Mitundu amene akufuna kuonetsa katundu wawo pa WhatsApp. N'chifukwa chake ena mwa ophunzira a Fomu 4 akulingalira zodzayamba ntchitoyi akamaliza sukulu, ndipo makolo akufunsa kuti agule kamera yanji.

Funsoli si lamasewera. Ndalama yogulira kamera imachokera m'matumba a soya ndi mtedza kapena m'mabelo a fodya, ndipo ikalowa m'chipangizo cholakwika sibwerera. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake sinabwererenso pansi. Mfundo ya phunziro lathu ndi imodzi: chithunzi chimapangidwa ndi kuwala, kuwalako kumadutsa mu lenzi, ndipo kamera imangolandira zimene yapatsidwa. Choncho pogula tiyambe kuganizira kuwala, kenako lenzi, kamerayo pomaliza.

Funso limene makolo amayamba kufunsa

Ma ulama anasiyana maganizo pa nkhani ya zithunzi za anthu. Sheikh Muhammad Bakhit al-Muti'i, amene anali Mufti wa dziko la Egypt, anaona kuti kamera silenga chifaniziro koma imangogwira chithunzithunzi cha chinthu chimene chilipo kale. Sheikh Yusuf al-Qaradawi anatsata maganizo amenewa m'buku lake la za halaal ndi haraam la mu 1960. Ena, monga Sheikh Ibn Baz wa ku Saudi Arabia, analetsa kujambula zamoyo kupatula pamene pali kufunikira kwenikweni, monga pasipoti. Banja lililonse lifunse sheikh amene limamudalira. Komabe mbali zonse ziwiri zikuloleza zithunzi za ziphaso ndi za zinthu zopanda mzimu: nyumba, mbewu, katundu wa m'sitolo, phiri la Nkhoma kapena la Bunda. Ngakhale wotsata maganizo okhwimawo ali ndi ntchito yoti agwire.

Zimene Ibn al-Haytham anatisiyira

Hasan Ibn al-Haytham anabadwira ku Basra, m'dziko la Iraq, cha m'ma 965, ndipo anamwalirira ku Cairo cha m'ma 1040. Pakati pa 1011 ndi 1021 analemba Kitab al-Manazir, buku la magawo 7 lofotokoza za kuwala ndi kupenya. Nthawi imeneyo ophunzira ambiri, potsata Euclid ndi Ptolemy, ankakhulupirira kuti diso limatulutsa cheza chimene chimakakhudza chinthu kuti tichione. Iye anaonetsa kuti zimayenda mosemphana ndi zimenezo: kuwala kumachoka pa chinthu n'kulowa m'diso, ndipo kumayenda molunjika.

Sanangonena pakamwa, anayesa. Anaika nyale zingapo kunja kwa chipinda chamdima chokhala ndi kabowo kamodzi. Pakhoma la m'kati panaoneka timadontho ta kuwala tofanana chiwerengero ndi nyalezo. Akaphimba nyale imodzi, dontho loyang'anizana nayo linkazimirira. Mawu akuti kamera anachokera ku Chilatini ndipo amatanthauza chipinda. Mpaka lero kamera iliyonse, yotchipa kapena yodula, ndi chipinda chamdima chokhala ndi bowo. Kuwala kukalowa koipa, chithunzi chituluka choipa.

Choyamba: kuwala

Pali malamulo atatu oyenera kuwasunga pamtima.

Loyamba ndi la kukula kwa gwero la kuwala. Gwero likakhala laling'ono, mthunzi umakhala wakuda ndi wakuthwa. Likakhala lalikulu ndi lapafupi, mthunzi umafewa ndipo nkhope imaoneka bwino. Kuno tili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, moti kumapeto kwa Okutobala ndi mu Febuluwale dzuwa la masana limaima paliwombo penipeni. Wojambulidwa nthawi imeneyo maso ake amalowa mumdima ngati maenje. Nthawi yabwino ndi ola loyamba dzuwa likatuluka ndiponso pakati pa Asr ndi Maghrib. Ngati n'kosatheka kudikira, muimikeni munthuyo pakhonde kapena pafupi ndi zenera lalikulu.

Lachiwiri ndi la mtunda. Tikachulukitsa mtunda kawiri, kuwala kofika pa munthu kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Pojambula kalasi yonse, nyale ikakhala mita imodzi kuchokera pa mzere wakutsogolo ndi mamita awiri kuchokera pa wakumbuyo, akutsogolo amayera mbuu pamene akumbuyo sakuoneka. Tikaibweza nyaleyo kuti ikhale mamita anayi ndi asanu, akumbuyo amalandira pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kuwala kwa akutsogolo, ndipo onse amaoneka.

Lachitatu ndi la mtundu. Kuwala kwa usana ndi kwa fulashi kumayezedwa pafupifupi 5,500 Kelvin, pamene babu lofiirira la m'nyumba lili pa 2,700 mpaka 3,000. Tikazisakaniza, mbali ina ya nkhope imatuluka yachikasu, ina yobiriwira ngati thambo. Tizimitse chimodzi.

Nanga tigule chiyani? Chipangizo choyamba sichifuna ndalama: katoni yaikulu yomatidwa pepala loyera, yobwezera kuwala ku mbali yamdima ya nkhope. Chachiwiri ndi fulashi imodzi ya mabatire, monga Godox TT600 kapena Yongnuo YN560, zimene zimayendera mabatire anayi a AA. Igulidwe pamodzi ndi kachipangizo koiyatsira patali, choimikapo chake ndi ambulera yoyera. Fulashi yokhala pamwamba pa kamera, yolunjika kumaso, imaphwatalala nkhope ndi kusiya chimthunzi pakhoma. Tiichotse pamenepo, tiiike chapambali ndi chapamwamba pang'ono, iwalire mu ambulera.

Nyale zazikulu za mu situdiyo n'zamphamvu, koma zambiri zimadalira magetsi a ESCOM, ndipo magetsi akathima pa tsiku la nikah mwambo sudikira. Tikumbukirenso kuti magetsi athu ndi a 230 volts. Nyale yopangidwira ku America, ya 110 kapena 120 volts yokha, ingapse tikangoilumikiza. Tiwerenge zolembedwa pachipangizo tisanalipire. Wofuna kujambulanso mavidiyo asankhe nyale ya LED yolembedwa CRI 95 kapena kuposa, chifukwa imeneyo imaonetsa khungu ndi nsalu m'mitundu yake yeniyeni.

Pali vuto lina limene timakumana nalo pa Eid. Kamera imayeza kuwala konse kwa m'chithunzi n'kufuna kuti kukhale kwa pakatikati. Anthu akavala mikanjo yoyera, kamera imaona ngati kwawala kwambiri, n'kudetsa chithunzi chonse, ndipo nkhope zimasowa. Mankhwala ake ndi kuwonjezera kuwala ndi batani lolembedwa +/-, kapena kuunikira nkhope ndi katoni ija.

Chachiwiri: lenzi

Pa lenzi pamalembedwa manambala a mitundu iwiri. Ya mamilimita imasonyeza kukula kwa malo amene lenziyo imaona: 18mm imatenga chipinda chonse, 200mm imakoka chinthu chakutali. Nambala yotsatana ndi chilembo f imasonyeza kukula kwa bowo lolowera kuwala, ndipo imayenda chobwerera: nambala ikachepa, bowo ndiye lakula.

Makamera ambiri otchipa amabwera ndi lenzi ya 18-55mm f/3.5-5.6. Ndi yabwino panja masana ndiponso pojambula gulu. Koma pa 55mm bowo lake limathera pa f/5.6, pamene lenzi ya 50mm f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. M'kalasi kapena m'nyumba ya mazenera aang'ono, kusiyana kumeneku ndi kumene kumalekanitsa chithunzi chooneka bwino ndi chogwedera. Lenzi imeneyi imafewetsanso zakumbuyo kuti munthu aoneke yekha, ndipo ili m'gulu la malenzi otsika mtengo kwambiri a Canon ndi Nikon. Ngati zipinda zojambuliramo n'zopanikiza, ya 35mm f/1.8 ndi yoyenera kuposa. Yokoka patali, monga 55-200mm, idikire kufikira titapeza ntchito ya mpira kapena ya misonkhano.

Lenzi yopangidwira makamera a kampani ina kawirikawiri silowa pa kamera ya kampani ina popanda cholumikizira. Nikon anayamba polumikizira potchedwa F mu 1959, Canon potchedwa EF mu 1987, ndipo n'chifukwa chake malenzi akale a mitundu imeneyi ndi ambiri pamsika. Mu 2018 makampani onsewa anabweretsa zatsopano, Z ndi RF, zimene sizilowa pa makamera akale. Chenjezo linanso: makamera ang'onoang'ono a Nikon, monga D3200, alibe injini yozunguzira lenzi m'kati mwake, choncho amafuna lenzi yolembedwa AF-S kuti adzilunjikitsa okha pa chinthu. Safunsa anadya phula. Tiyese lenzi pa kamera yathu tisanapereke ndalama.

Chachitatu: kamera

Wogulitsa amathamangira kutchula ma megapixel. Tiwerengere tokha. Chithunzi cha masentimita 10 ndi 15, chosindikizidwa bwino, chimafuna ma megapixel ongopitirira 2. Cha pepala lonse la A4 chimafuna pafupifupi 9. Canon 600D ya mu 2011 ili ndi 18, Nikon D3200 ya mu 2012 ili ndi 24. Makamera a zaka zoposa khumi amenewa akukwanira kale pa ntchito zonse tatchula zija.

Chofunika kwambiri ndi kukula kwa sensa, kambale kolandira kuwala. Ya makamera odula, yotchedwa full frame, ndi ya mamilimita 36 ndi 24. Ya makamera tatchulawa, yotchedwa APS-C, ndi pafupifupi 23 ndi 15. Ya foni ndi yaing'ono kwambiri, n'chifukwa chake foni imajambula bwino masana koma imavutika madzulo. Woyamba kumene safunikira full frame, pakuti malenzi akenso ndi odula.

Makamera amakono opanda kagalasi m'kati, otchedwa mirrorless, ndi opepuka ndipo amatsata maso a munthu okha, koma amadya batire msanga. Nikon D3500, ya mtundu wakale wa DSLR, inayezedwa kuti imajambula zithunzi zoposa 1,500 pa kutchaja kumodzi. Kwa wojambula kumidzi kopanda magetsi, imeneyi si nkhani yaing'ono. Malangizo athu ndi akuti kamera isadye zoposa theka la ndalama zonse. Zotsalazo zipite ku lenzi, fulashi, batire lachiwiri ndi makhadi awiri osungira zithunzi.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kamera yonyezimira kunja ikhoza kukhala yotha m'kati. Tichite izi tisanalipire. Tifunse kuti yajambula kangati. Chitseko cha m'kati mwa makamera ang'onoang'ono ambiri chinayezedwa kufika pafupifupi maulendo 100,000. Tijambule khoma loyera bowo lili pa f/16, tione ngati pali madontho a fumbi. Tiunike m'kati mwa lenzi ndi tochi. Tikaona timizere tonga ndodo za kangaude, chimenecho ndi chuku ndipo lenziyo tiisiye. Tisatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu wa pa Facebook chipangizo tisanachigwire m'manja. Tipemphe lisiti kapena umboni wa umwini, chifukwa kugula chinthu chimene tikudziwa kuti n'chobedwa ndi haraam, ngakhale mtengo utakoma bwanji. Wotumiza kwa m'bale wa ku Johannesburg awerengere msonkho wa pa chipata.

Tikagula tisamale. M'miyezi ya fumbi tisasinthe lenzi panja. M'dzinja tisunge zonse m'chidebe chotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi timene timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano.

Kamera ndi amanah

Ndime 31 ya Surah Al-A'raf ikuletsa kuononga mopyola muyezo, ndipo kugula chipangizo choposa ntchito yathu pofuna kutamandidwa ndi mtundu wina wa kuononga. Kutenga katapira kuti tigule kamera ndiye koipitsitsa, pakuti ndi riba. Ndi bwino kuyamba ndi foni ndi katoni, n'kumasunga pang'onopang'ono.

Ndime 12 ya Surah Al-Hujurat ikuletsa kufufuza zinsinsi za anzathu. Lenzi yokoka patali si chilolezo chojambula munthu asakudziwa. Tipemphe chilolezo tisanajambule, ndipo tipemphenso tisanatumize pa intaneti. Ngati ndi mwana, avomereze makolo ake. Zithunzi za nikah ya eni ake zisayende m'magulu a WhatsApp kuti tidzitsatse nazo malonda. Pano pali mwayi wa atsikana athu: mabanja ambiri amamasuka kuti mbali ya amayi ijambulidwe ndi mayi mnzawo. Makolo, musaone ntchitoyi ngati ya anyamata okha.

Zochita sabata ino

1. Tengani katoni yotseka bwino. Boolani kabowo ndi singano mbali imodzi, ndipo mbali inayo dulani zenera n'kumatapo pepala lopyapyala lopaka mafuta ophikira pang'ono. Dziphimbeni ndi chitenje kumutu, mulozetse kabowoko ku mtengo wowalidwa ndi dzuwa. N'chifukwa chiyani mtengowo ukuoneka chadodolido?
2. Ndi chilolezo, jambulani chinthu chimodzi ndi foni pa 7 koloko m'mawa, pa 12 koloko ndi pa 4:30 madzulo. Lembani kusiyana kwa mithunzi.
3. Nyale ili mamita 2 kuchokera pa munthu. Tikaisunthira pa mamita 4, kuwala kofika pa iye kutsala kochuluka bwanji?
4. Tchulani zinthu zinayi zoyenera kuyesa pogula kamera yakale.

Mayankho abwere m'kalasi lisanafike tsiku la Jumu'ah. A komiti ndi makolo amene ali ndi maganizo ogula, tikupempha kuti ayambe alemba papepala ntchito zimene kamerayo idzagwire, malo ake ndi nthawi yake. Mndandanda umenewo ndi umene udzasankhe chipangizo. Allah atidalitsire maphunziro athu ndi rizq lathu. Wallahu a'lam.