Kuteteza Mavwende ku Mchere M'nyumba Zolimiramo za Pulasitiki

Boma la Thyolo limadziwika ndi tiyi, nthochi ndi mvula yochuluka. Mavwende amakonda dzuwa ndi kutentha monga kwa ku Chikwawa ndi Nsanje, pamene kuno nyengo ya chiperoni imabweretsa chisanu ndi nkhungu. Nyumba yolimiramo ya pulasitiki, yomwe ambiri amaitchula kuti greenhouse, imasunga kutentha ndipo imapatsa mlimi mwayi wokolola mavwende pa nthawi imene akusowa pa msika wa Bvumbwe kapena Limbe. Komatu denga lomwe limatchinga chisanu limatchinganso mvula, ndipo vuto la mchere limayambira pamenepo.

Mchere umachokera kuti

M'minda ya pamtetete ya ku Thyolo mchere sukhalitsa, chifukwa mvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo imautsuka n'kuulowetsa pansi. M'nyumba ya pulasitiki mulibe chotsuka. Madzi othirira akauma ndi kutentha, mchere umene unali m'madziwo umatsala pamwamba pa nthaka. Feteleza nayenso ndi mchere: zonse zimene mbewu sinagwiritse ntchito zimaunjikana pafupi ndi mizu. Manyowa a nkhuku osawolerana amawonjezera vutoli. Choncho mchere wambiri wa m'nyumbazi umalowamo kudzera m'thumba la feteleza ndi m'madzi a mlimi mwini.

Zizindikiro zake

Mchere ukachuluka, mizu imalephera kukoka madzi ngakhale nthaka ili yonyowa. Mbewu imafota masana, masamba akale amapsa m'mphepete, mphukira zimapinimbira ndipo pamwamba pa mzere pamaoneka zoyera ngati phulusa. Zipatso zimachepa msinkhu, zina zimada ndi kuwola kunsonga komwe kunali duwa. Mlimi akaona izi amaganiza kuti mbewu ili ndi njala, nathiranso feteleza. Potero amakulitsa matenda amene akufuna kuchiza, ndipo ndalama za mbewu, pulasitiki ndi mapaipi zimalowa m'madzi.

Kuyeza nthaka ndi madzi

Bungwe la FAO limaika mavwende m'gulu la mbewu zimene sizipirira kwambiri mchere. Kuchuluka kwa mchere kumayezedwa ndi kachipangizo kam'manja kotchedwa EC meter. Malinga ndi malangizo a bungweli a chaka cha 1985, madzi othirira osafika pa 0.7 dS/m alibe vuto, a pakati pa 0.7 ndi 3.0 amafuna kusamala, ndipo opitirira 3.0 ndi oopsa. Nthaka yopitirira 4 dS/m imawerengedwa kuti ndi ya mchere. Kalabu ya alimi ikhoza kusonkherana n'kugula kachipangizo kamodzi. Pofuna kuyezetsa nthaka mokwanira, mlangizi wa zaulimi wa m'dera angathandize kutumiza dothi ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe, omwe ali m'boma lomwe lino.

Kadyetsedwe koyenera

Mchere woononga kwambiri ndi wa sodiyamu ndi kolorayidi, womwewo wa m'ndiwo. Sodiyamu amalimbirana malo pa mizu ndi potaziyamu ndi kashiyamu, pamene kolorayidi amalepheretsa mbewu kuyamwa bwino nayitirojeni. Ntchito ya mlimi ndi kuonetsetsa kuti michere yofunikayi ilipo pa mlingo woyenera popanda kuwonjezera mchere wina.

Choyamba ndi potaziyamu, amene amathandiza masamba kusunga madzi ndiponso amatsekemeretsa chipatso. Feteleza wa potaziyamu alipo wa mitundu iwiri yodziwika. Muriate of potash ali ndi kolorayidi wambiri, kotero sayenera m'nyumba ya pulasitiki. Sulphate of potash ndi wokwererapo mtengo, koma mchere wake ndi wochepera theka la mnzakeyo.

Chachiwiri ndi kashiyamu, amene amalimbitsa mizu kuti sodiyamu asalowe mwachisawawa. Kuwola kwa nsonga ya chipatso kumadza kashiyamu akalephera kufika kuchipatsoko, makamaka pamene kathiriridwe kali ka apo ndi apo. Calcium nitrate amapereka kashiyamu ndi nayitirojeni nthawi imodzi. Popeza nthaka yambiri ya ku Thyolo ndi ya asidi, zomwe tiyi amakondwera nazo koma mavwende ayi, laimu wothiridwa masabata angapo asanabzale amachepetsa asidi ndi kuwonjezera kashiyamu. Kuchuluka kwa laimuyo kuyenera kutsatira zotsatira za kuyeza nthaka.

Chachitatu ndi nayitirojeni. Feteleza wokhala ndi amoniya wambiri, monga sulphate of ammonia, amawonjezera asidi ndiponso amalepheretsa mbewu kuyamwa kashiyamu ndi potaziyamu. Nayitirojeni wochuluka mbewu itayamba kubereka amangokulitsa masamba.

Chachinayi ndi kathiridwe kake. Mlingo wa feteleza wa nyengo yonse ugawidwe m'magawo ang'onoang'ono othiridwa sabata ndi sabata, makamaka posungunula m'madzi a mthirira wodontheza. Feteleza asathiridwe pa nthaka youma kapena pafupi kwambiri ndi tsinde. Manyowa akhale owolerana bwino.

Kutsuka nthaka

Kadyetsedwe kabwino kamathandiza mbewu kupirira, koma sikachotsa mchere umene waunjikana kale. Chochotsa ndi madzi okha. Akatha kukolola, mlimi athirire madzi ambiri abwino kuti mchere utsike kupitirira pomwe mizu imafika, ndipo mizere ikhale yokwera kuti madziwo apeze potulukira. Ngati n'kotheka, avundukule pulasitiki kwa masabata angapo m'dzinja kuti mvula igwire ntchitoyi. Madzi a mvula otsika pa denga la nyumbayo alibe mchere. Akasungidwa m'thanki, ndi abwino koposa a pa mjigo pothirira nazale ndi mbande zongowokeredwa kumene, zomwe mchere umazipweteka msanga.

Mlimi amene waona mavwende ake akufota pa nthaka yonyowa asathamangire ku thumba la feteleza. Ayambe wayeza madzi ndi nthaka, atsuke mizere, kenaka adyetse mbewu pang'onopang'ono. Ofesi ya zaulimi ya m'dera lake ndi pomwe angayambire kufunsa.