Bulu, Ngolo ndi Njira za M'mudzi: Malangizo kwa Mabanja a ku Ntaja ndi Madera Oyandikana Nawo

Bulu ndi wa mtundu umodzi ndi kavalo komanso mbidzi. Nyama zitatuzi zili ndi chiboda chosagawikana, mimba imodzi, ndipo sizibzikula ngati ng'ombe kapena mbuzi. Akavalo m'Malawi muno ndi ochepa. Amapezeka kumalo ofikira alendo monga paphiri la Zomba ndi ku Kande m'boma la Nkhata Bay, kumene amasamalidwa ndi ndalama zambiri. Kumalo otentha ngati chigwa cha Shire ndi madambo a nyanja ya Chilwa kavalo sakhalitsa, chifukwa tizilombo ting'onoting'ono touluka toluma madzulo ndi m'bandakucha timafalitsa nthenda yomwe imapha akavalo ambiri koma abulu n'kuipirira. Choncho kwa banja la ku Ntaja, Nsanama, Nselema kapena Ulongwe, chiweto cha mtundu umenewu chomwe lingathe kusunga ndi bulu.

Abulu ambiri m'dziko muno ali m'chigawo chapakati, makamaka ku Dedza ndi ku Lilongwe, ndipo wofuna kugula nthawi zambiri amayang'ana kumeneko. Ntchito yake kuno ndi yosasowa: kututa mpunga wa kudambo, chimanga ndi nandolo, kukoka njerwa ndi mchenga, kupititsa manyowa kumunda, ndiponso kunyamula wodwala usiku pamene galimoto singafike. Bulu wosamalidwa bwino amagwira ntchito zaka zoposa 15. Wosasamalidwa amatha m'zaka zochepa, ndipo chomwe chimamumaliza kawirikawiri si matenda ayi koma zomangira zoipa, katundu wopyola muyeso ndi njira zowonongeka.

Msinkhu woyambira ntchito

Mafupa a bulu amachedwa kukhwima. Mwana wa bulu angazolowetsedwe chingwe ndi kugwiridwa miyendo akadali wamng'ono, koma ntchito yopepuka ayambe ali ndi zaka 3, ndipo yolemetsa adikire zaka 4. Womangidwa pangolo ali ndi chaka chimodzi kapena ziwiri angapindike msana osawongokanso. Bulu wamkazi amakhala ndi bere pafupifupi miyezi 12. Miyezi itatu yomaliza ndi itatu yoyamba atabereka apume.

Goli si la bulu

Ngolo zambiri zopangidwa kwa owotcherera m'misika yathu ndi za ng'ombe: zili ndi mtengo umodzi wautali pakati, womangirira pagoli. Ng'ombe ili ndi khosi lalifupi lamphamvu, linunda ndi chikopa chochindikala, motero goli limakhazikika. Bulu alibe linunda. Khosi lake ndi lalitali, chikopa chake n'chopyapyala, ndipo mphamvu yake yokokera ili pachifuwa ndi m'mapewa. Akamangidwa goli, kulemera konse kwa mtengo wa ngolo kumatsamira pakhosi, mutu umagwa pansi, mpweya umachepa, ndipo pakangotha masabata ochepa pakhosi pamabuka chilonda chomwe sichipola chifukwa m'mawa uliwonse mtengo umabwerera pomwepo. Chilonda chotere anthu ena amachiona ngati chizindikiro cha bulu wogwira ntchito. Chimenecho ndi chizindikiro cha chomangira cholakwika, ndipo n'chopeweka.

Chomangira choyenera chili ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi lamba wa pachifuwa, wotambalala ngati zala zinayi za munthu wamkulu, wopangidwa ndi tenti yolimba kapena lamba wakale wa chigayo, wokutidwa ndi nsalu ya thonje kapena chikopa cha nkhosa chaubweya. Lambayu adutse pamwamba pang'ono pa nsonga za mapewa koma pansi pa kholingo. Akakwera kwambiri amatsamwitsa. Akatsika amamanga miyendo. Zingwe zochokera palambayu zikamangidwe kukamtengo kopingasa kolendewera kutsogolo kwa ngolo, komwe kamagwedezeka motsatira mapewa a bulu poyenda, kuti lamba asamakhule chikopa.

Yachiwiri ndi kachishalo ka pamsana kosenza kulemera kwa mtengo wa ngolo. Kakhale ndi mapilo awiri, lina uku lina uku, fupa la msana likhale pampata wosakhudzidwa. Yachitatu ndi lamba wodutsa kumbuyo kwa ntchafu, yemwe amagwira ngolo potsetsereka kuti isagunde miyendo ya bulu. Lamba ameneyu ndi amene amaiwalika kwambiri, chonsecho ngozi zambiri za ngolo zimachitika potsika mtunda.

Pambali yokhudza thupi pasakhale waya, msomali, bawuti kapena mfundo. Matumba a feteleza ndi zingwe za nayiloni zimapala chikopa chikanyowa ndi thukuta, ndipo mphira wa tayala wosakutira umatentha. Madzulo aliwonse zomangira zichotsedwe, zikutumulidwe dothi ndi kuyanikidwa, ndipo mwini apapase ndi dzanja paliponse pomwe lamba anadutsa. Malo otentha, otupa kapena othothoka ubweya ndi chilonda cha mawa. Lamba akonzedwe lero.

Kulemera kwa katundu

Bulu wamkulu wa kuno amalemera makilogalamu pakati pa 120 ndi 180. Pamsana anyamule katundu wosapyola gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, ndiye kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 kwa bulu wamkulu wathanzi, logawidwa mofanana mbali zonse ziwiri. Abulu awiri pangolo ya matayala opopa bwino angakoke matumba 8 mpaka 10 panjira youma yosalala. Pamchenga, pamatope kapena pachitunda chiwerengerocho chitsike ndi theka, ndipo okwera atsike ayende pansi.

Kapakiridwe n'kofunika ngati kulemera komwe. Katundu akhale pamwamba pa ekiselo, wopendekera kutsogolo pang'ono chabe. Akadzaza kumbuyo mtengo umatukula abulu. Akadzaza kutsogolo umawapanikiza. Tayala lophwa ndi mabering'i opanda girisi zimawonjezera ntchito kuposa thumba lina lachimanga.

Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa la ku Machinga ndi Balaka likafika pachimake, ntchito iyambe m'mamawa, iime cha m'ma 10 koloko, idzapitirire dzuwa litapendeka. Maola asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku ndi okwana.

Chakudya ndi madzi

Bulu amadya pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, motero amafunika maola osachepera asanu ndi limodzi pamsipu kapena pa udzu womweta. Mapesi, masangwe a mtedza ndi makoko a nandolo osungidwa pouma amamudutsitsa chilimwe. Gaga wochepa wonyowetsa ndi mchere pang'ono amathandiza masiku a ntchito yaikulu. Madzi oyera apatsidwe katatu patsiku. Nyengo yotentha bulu wogwira ntchito angamwe malita 20. Amakana madzi akuda ngakhale ali ndi ludzu.

Bulu sasanza. Chilichonse choipa chomwe wameza chimayenera kudutsa matumbo onse, n'chifukwa chake majumbo otayidwa pamsika amapha abulu potseka matumbo. Chimanga chowola kapena gaga wachuku ali ndi poizoni wowononga ubongo wa bulu ndi kavalo. Mapesi othiridwa yuleya okonzera ng'ombe asapatsidwe bulu, chimodzimodzi chakudya cha nkhuku chogula, chomwe nthawi zina chimakhala ndi mankhwala oopsa kwa nyama za mtunduwu.

Matenda ndi mankhwala

Bulu amabisa ululu. Akangoima mwakachetechete, makutu atagwa, osafuna kudya, wadwala kale kwambiri, ndipo mlangizi wa ziweto aitanidwe tsiku lomwelo. Kugubuduka kawirikawiri, kuyang'ana pamimba ndi kusachita ndowe ndi zizindikiro za kutsekeka kwa matumbo.

Chilonda chitsukidwe kawiri patsiku ndi madzi owiritsa ozizira, othira supuni yaing'ono imodzi ya mchere mu theka la lita, ndipo chomangira chisakhudzepo mpaka chitapola. Oyilo wakutha, asidi wa batire, phulusa ndi ndowe zisapakidwe pachilonda chifukwa zimapsereza mnofu ndi kulowetsa kafumbata, nthenda yomwe abulu amaitenga msanga. Wodwala kafumbata amauma thupi, makutu amaima, mchira umatukuka ndipo nsagwada zimamangika.

Mankhwala a dibi okhala ndi amitraz, omwe ambiri amapopera ng'ombe pofuna kupha nkhupakupa, asagwiritsidwe ntchito pa bulu, chifukwa amaimitsa matumbo ake mpaka kufa. Mwini awerenge dzina papepala la botolo kapena afunse mlangizi asanapope. Midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Liwonde ichenjere ndi kashembe, yemwe amafalitsa nthenda yowondetsa ziweto ndi kuchepetsa magazi. Mankhwala a njoka za m'mimba aperekedwe molangizidwa ndi mlangizi, kawirikawiri mvula ikamayamba ndi ikamatha.

Ziboda zitokosoledwe tsiku ndi tsiku kuchotsa miyala ndi minga, ndipo zikatalika zidulidwe ndi wodziwa. Khola likhale ndi denga ndi pansi pouma, popeza ubweya wa bulu umalowa madzi ndipo ziboda zoima m'matope zimawola. Likhalenso lotsekeka bwino usiku. Kuwonjezera pa afisi, m'maiko ambiri a mu Africa abulu akhala akubedwa chifukwa cha zikopa zomwe zimagulitsidwa ku China, mpaka mu Febuluwale 2024 atsogoleri a bungwe la African Union anagwirizana zoletsa kupha abulu pofuna zikopa.

Chitetezo cha anthu

Bulu amaona bwino cham'mbali koma saona kumbuyo kwenikweni kwa mchira ndi pafupi penipeni pa mphumi. Womuyandikira adzere cha paphewa akulankhula naye. Makutu akagonekedwa kumbuyo, mchira n'kumakupizidwa mwamphamvu, ndiye kuti watsala pang'ono kuponda kapena kuluma. Chingwe chisakulungidwe padzanja kapena m'chiuno, makamaka cha mwana, chifukwa bulu akadzidzimuka amamukwekwereza. Wolumidwa ndi bulu wosintha khalidwe mwadzidzidzi atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala, pakuti chiwewe chimagwiranso abulu.

Bulu akaima n'kukana kuyenda, nthawi zambiri waona dzenje, mlatho wogwedera, kapena katundu wamulemera. Kavalo akaopa amathawa, bulu amaima. Kumukwapula pamenepo n'kulanga chiweto chifukwa cha nzeru zake. Woyendetsa atsike, aone chavuta, amutsogolere. Kuchitira nkhanza chiweto ndi mlandu pa malamulo a dziko lino.

Pamsewu wa tala wochokera ku Liwonde kudutsa pa Nsanama ndi Ntaja kulowera ku Nselema, ngolo iyende kumanzere, ndipo aigwire ndi munthu wamkulu, osati ana okhaokha. Kumbuyo kwake kukhomedwe zonyezimira zofiira, kutsogolo zoyera, ndipo ulendo ukonzedwe kuti uthe kusanade. Njanji ya Nkaya, Liwonde mpaka Nayuchi imadutsa sitima zazitali za malasha zopita ku Nacala, zomwe sizingaime msanga. Powoloka, woyendetsa atsike, ayang'ane mbali zonse, amvetsere, awolotse abulu atawagwira pamutu, ndipo adutsire pamalo ovomerezeka okha, pomwe tayala silingakodwe.

Kusamala njira za m'mudzi

Njira zopita kumunda, kuchigayo, kumjigo ndi kudambo sizifikiridwa ndi makina a khonsolo. Eni ake ndi anthu oyendamo. Chomwe chimaziwononga ndi madzi. Matayala a ngolo amasiya timikwasa tiwiri, mvula imatsata timikwasato, ndipo pakatha nyengo ziwiri njira yasanduka chigwembe. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anadula njira zambiri m'chigawo chakummwera, ndipo madzi otere amayamba kukumba pomwe apeza kale mkwasa.

Ntchito yaikulu ndi kuchotsa madzi panjira asanasonkhane. Pakati pa njira pakhale potukuka kuti madzi agwere m'mbali. M'mbalimo mukumbidwe ngalande, ndipo pamtunda uliwonse wa mapazi 20 kapena 30 potsetsereka pakhale kangalande kopatutsa madzi kupita pa udzu kapena m'dzenje losunga madzi, osati pakhomo kapena m'munda mwa mnansi popanda kugwirizana. Ngalande yotsetsereka kwambiri itchingidwe ndi timipanda ta miyala kapena zikhomo zolukidwa ndi nsungwi, ndipo m'mphepete mubzalidwe vetiva. Pamakande a kudambo, pomwe ngolo imatitimira, pathiridwe miyala ndi zidutswa za njerwa, dothi lamchenga pamwamba. Powolokera mtsinje waung'ono magombe asemedwe kuti atsike pang'onopang'ono, pansi n'kuyala miyala yaphanthiphanthi.

Nthawi za ntchitozi ndi ziwiri. Mu Epulo ndi Meyi, dothi likadali ndi chinyezi, maenje akwiriridwe ndi kutsindiridwa, pokonzekera kututa; dothi louma la mu Okutobala silitsindirika ndipo mvula yoyamba imalikokolola. Mu Seputembala ndi Okutobala ngalande zigwulidwe, nthambi zotchinga zisadzidwe, minga ndi magalasi zichotsedwe.

Njira ya ngolo imafuna mamita atatu m'lifupi. Vuto lodziwika ndi la olima m'mbali omwe chaka ndi chaka amadyako mzere umodzi mpaka ngolo kusowa podutsa, kapena kulozetsa mizere yawo kunjira n'kuthiramo madzi onse a m'munda. Nkhani imeneyi ndi ya anyakwawa ndi komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ndipo imatha bwino malire akaikidwa poyera ndi mzere wa vetiva kapena mitengo, nthawi yosalima. Midzi ingagawe njira m'zigawo, mabanja oyandikana n'kutenga chigawo chawo, eni ngolo n'kupereka ngolo zawo zotutira miyala m'malo mwa khasu. Tsiku la chitukuko lisagundane ndi tsiku la msika, Lachisanu masana pamene ambiri ali kumzikiti, kapena tsiku la mapemphero a kutchalitchi. Okalamba, odwala ndi amayi oyembekezera asawerengeredwe mlandu wojomba. Mlatho kapena kalavati woposa mphamvu za mudzi alembedwe ndi komitiyo ndi kuperekedwa ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, yomwe imatumiza zofunika zotere ku khonsolo ya boma la Machinga kapena Balaka.